Musanasonkhe ndalama za sitediyamu kuno ku Joni, yambani mwayendera malowo motere

Abale anga a kuno ku Joni, nkhani yoti tikhale ndi bwalo lathulathu la mpira imabwera pafupifupi msonkhano uliwonse, makamaka tsiku loti tafika pa giraundi yobwereka Lamulungu masana, anyamata avala kale majezi, kenako tikupeza geti lokhoma kapena timu ina yalowa kale. Ine malotowa ndili nawo ndithu, ndimafuna ana athu obadwira kunowa adzakhale ndi malo oti akanena kuti tikupita kwathu akutanthauza pamenepo. Ndagwira ntchito ya zomangamanga mu tauni muno zaka 14, ndinayamba ndi piki kukumba ngalande za mapaipi, pano ndimayenda ndi mainjiniya kukaona malo ntchito isanayambe, nde zomwe ndilembezi ndi zomwe maso anga aona.

Zaka zingapo zapitazo ndinali mu komiti ina yomwe inapeza malo cha kummwera kwa tauni, osalala bwinobwino, udzu wobiriwira ngakhale mu Julaye, aliyense amene tinapita naye amangoti apa ndiye pomwepa. Tinasonkha, tinalipira munthu wojambula pulani, chithunzi cha masitandi chinazungulira pa WhatsApp anthu nkumaimbirana mafoni usiku chifukwa cha chimwemwe. Patatha miyezi ndi pomwe tinadziwa kuti chipaipi chachikulu cha suweji chimadutsa pakati penipeni pa malowo ndipo pamwamba pake sungamangepo kanthu, komanso udzu wobiriwira uja unali wa dambo. Ndalama zija zinali za azimayi ochapa ndi kukolopa mnyumba za anthu, za anyamata a mmagadeni, ena anachotsa pa zomwe amatumiza kumudzi. Mpaka lero zimandiwawa. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo mu Johannesburg muno malo aakulu osalala akakhala opanda nyumba pamakhala chifukwa chake, ntchito yanu ndi kuchipeza chifukwacho musanatulutse ndi randi imodzi yomwe.

Choyamba ndi mapepala, osati tepi. Pezani nambala ya malowo, kuno amati erf number, kapena dzina la famu ndi portion yake ngati ndi malo a kunja. Ndi nambala imeneyo mukapeza title deed, pepala la umwini wa malo, ku Deeds Office, ndi chojambula cha malire chochokera kwa Surveyor-General chomwe pa site timangoti SG diagram. Mapepala awiriwa akuuzani mwini wake weniweni komanso servitude iliyonse yomwe inalembetsedwa, servitude ndi kachigawo ka malo komwe eni mapaipi kapena eni nthambo za magetsi ali ndi ufulu wodutsapo ndipo iwe suloledwa kumangapo. Tikanangowerenga pepala limeneli nthawi ija ndalama za anthu sizikanapita. Ngati malowo ndi a khansolo, amene amayang'anira ndi Johannesburg Property Company, ndi okhawo angakambe nanu za lendi ya nthawi yaitali, munthu wina aliyense wobwera ndi kabuku ka malisiti nkumati ndine woyang'anira dera lino musamupatse kanthu. Funsaninso zoning certificate ku khansolo, chifukwa malo aliwonse ali ndi ntchito yomwe analembedwera pansi pa Land Use Scheme ya 2018, ngati analembedwa kuti ndi a nyumba kapena a ulimi ndiye kuti pafunika kupempha kuti asinthe, zimenezi zimatenga nthawi komanso oyandikana nanu ali ndi ufulu wokana. Gulu lanu likhale lolembetsedwa ngati bungwe, lokhala ndi akaunti ya ku banki mu dzina la bungwelo, ndipo kakumaneni ndi khansala wa wadiyo koyambirira komwe pamodzi ndi matimu a eni dera. Ife ndife alendo kuno, bwalo loti anthu a mderalo sakuliona ngati lawonso silingakhalitse.

Mapepala akaoneka bwino, valani majombo mukayende wapansi. Musapite kamodzi, pitani katatu, tsiku la pakati pa sabata mmawa, Loweruka masana nthawi yomwe mpira umaseweredwa, komanso tsiku loti mvula yamphamvu yangokata kumene. Tengani tepi yaitali. Bwalo lomwe FIFA imalimbikitsa ndi mamita 105 mlitali ndi 68 mlifupi, koma awo ndi malo osewerera okha, onjezani malo a mmbali, fensi, masitandi, zipinda zosinthira, zimbudzi, poimika magalimoto, muona kuti malo omwe amaoneka aakulu aja ayamba kuchepa. Magolo aloze kumpoto ndi kummwera kuti dzuwa la madzulo lisamalase goloboyi mmaso, nde ngati malowo ndi aatali kuchokera kummawa kupita kumadzulo lembani zimenezo ngati vuto. Mukamayenda maso akhale pansi. Zivundikiro za manhole zikakhala zitandandalika mzere umodzi ndiye kuti pansipo pali paipi, tsatirani mzerewo muone ukulowera kuti. Timizati tafupitafupi ta konkire kapena tikwangwani ta chenjezo nthawi zambiri timasonyeza paipi ya gasi, ya mafuta kapena ya madzi ya Rand Water. Mmwamba namo, ngati nthambo zikuluzikulu za Eskom zikudutsa pa nsanja zachitsulo zija, pansi pake sumangapo sitandi ndipo mapolo a magetsi a pabwalo sangayandikire. Mukaona bango, mlulu kapena dothi lakuda lomata ku jombo, inu nomwe mukudziwa kuchokera kumudzi kuti limenelo ndi dambo.

Za damboli malamulo a kuno ndi olimba. Kumanga pafupi ndi mtsinje mkati mwa mamita 32 kumatha kufuna chilolezo cha zachilengedwe, ndipo ntchito ya mkati mwa mamita 500 kuchokera pa dambo imakhudzanso a dipatimenti ya zamadzi. Palinso mzere womwe mainjiniya amajambula wosonyeza pomwe madzi osefukira aakulu, oyembekezeka kamodzi pa zaka 100, angafike. Aliyense amene anaonapo Jukskei ku Alexandra kapena Klip River ku Soweto itakwiya mu Janyuwale safuna kumuuza kawiri. Mvula ya kuno imagwa ngati akukhuthula ndowa, theka la ola basi koma msewu wasanduka mtsinje, nde tsiku la mvula lija imani pamalopo muone madzi akuchokera kuti, akuima pati, akutulukira kuti, jambulani pa foni. Za ngalande za madzi a mvula amene mukambe nawo ndi a Johannesburg Roads Agency, ndipo adzafuna kudziwa kuti madzi ochokera pa madenga ndi pa konkire yanu muwasunga bwanji kuti asakathire mnyumba za anthu a kumunsi.

Tsopano za pansi pa nthaka, apa Joni ndi wosiyana kwambiri ndi Lilongwe kapena Mzuzu. Tauni ino inamangidwa pa golide kuyambira 1886, ndipo kuchokera ku Roodepoort kudutsa kummwera kwa tauni mpaka cha ku Germiston pansi pali mauna a migodi yakale. Mapiri achikasu omwe mumawaona cha ku Nasrec pafupi ndi FNB Stadium ndi zotsalira za migodi, fumbi lake mu Ogasiti silabwino kwa mwana amene akuthamanga mphindi 90. Chachiwiri ndi mwala wotchedwa dolomite, umapezeka madera ngati Lenasia, mbali zina za Soweto, Centurion, mpaka Westonaria ndi Carletonville. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi, pansi pamatsala mphanga, tsiku lina nthaka imangotitimira nkusiya chidzenje. Ganizirani tsono bwalo la mpira lomwe mukulithirira tsiku ndi tsiku pamwamba pa mwala woterewu, kapena paipi yodontha pansi pa sitandi yodzaza anthu. A Council for Geoscience ndi amene amasunga mapu a madera amenewa, ndipo pamafunika katswiri wa za nthaka abwere ndi makina aboole atenge zitsanzo alembe lipoti. Ndalama yake imaoneka yambiri koma ngati pali ndalama yoyamba yoti komiti itulutse ndi imeneyi, osati ya chithunzi chokongola.

Madzi. Amene amagawa madzi ndi kuyendetsa suweji mu mzinda muno ndi Johannesburg Water, iwo amagula kwa Rand Water omwe amapopa kuchokera ku Vaal. Kuona mpopi pa nyumba yoyandikana sikutanthauza kuti madzi alipo okwanira bwalo. Tiyeni tiwerengere limodzi, bwalo la 105 ndi 68 ndi masikweya mita 7,140, ndipo milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, nde mukathirira mamilimita 5 okha pa tsiku mwathira malita 35,700. Amenewo ndi matanki a malita 5,000 asanu ndi awiri ndi kanthu, tsiku limodzi, pa kapinga yekha, musanawerengere mashawa ndi zimbudzi. Kuno kuyambira Meyi mpaka Seputembala mvula kulibe, chisanu chimawotcha kapinga wa kikuyu mpaka kuyera, komanso nthawi yotentha khansolo imaika lamulo loletsa kuthirira pakati pa 6 koloko mmawa ndi 6 koloko madzulo. Lembani kalata yofunsa kukula kwa paipi yomwe ili pafupi, mphamvu ya madzi ake, komanso thanki yaikulu yomwe imadyetsa deralo, chifukwa madera okwera ngati Brixton, Crosby ndi Hursthill amadziwika kuti ndi amene amayamba kuuma madzi akachepa. Yankho libwere pa pepala la chidindo, mawu a pakamwa a munthu wa mu ofesi sangakuthandizeni mawa. Ena anena kuti tingokumba mjigo, inde zimatheka koma pamafunika chilolezo cha khansolo, pa dolomite ndi zoopsa chifukwa kutsitsa madzi a pansi ndi kumene kumayambitsa maenje aja, ndipo mukumbukire kuti mu 2025 anthu ena ku Killarney pokumba mjigo anabowola mpaka mu msewu wa pansi wa Gautrain, sitima nkuima pakati pa Park ndi Rosebank. Yang'ananinso hydrant, pomwe ozimitsa moto amalumikiza paipi yawo kuti atenge madzi, ili pati, ngati ili kutali a zamoto sadzasayina pulani yanu mpaka muikepo yanu kapena thanki yapadera.

Suweji anthu amaiiwala chifukwa siioneka pa chithunzi. Pa hafu taimu anthu onse amadzuka nthawi imodzi, mphindi 15 zokha, zimbudzi zonse zikugwejemulidwa mosalekeza, kapaipi ka mulokeshoni komwe kanapangidwira nyumba zochepa sikangalandire zimenezo, kadzabwezera mmayadi mwa anthu ndipo ubale wanu ndi dera uthera pomwepo. Suweji imayenda yokha motsetsereka, nde onani ngati malo anu ali pamwamba kapena pansi pa manhole yomwe mukufuna kulumikizako. Akakhala pansi ndiye kuti mufunika pampu, pampu ifuna magetsi, magetsi akazima mukudziwa chomwe chichitike.

Magetsi yambani ndi kudziwa kuti deralo ndi la ndani. Mbali yaikulu ya mzinda ndi ya City Power, koma Soweto, Orange Farm, Diepsloot, Ivory Park ngakhale mbali ya Sandton amalandira kuchokera ku Eskom mwachindunji, anthu ambiri amataya masabata akugogoda pa khomo lolakwika. Pamalopo fufuzani kabokosi kobiriwira kachitsulo kaja, timati mini-sub, lembani nambala yake ndi mtunda wake kufika pomwe mukufuna kuika bolodi yanu, chifukwa kebulo amawerengera pa mita ndipo ndi yodula. Bwalo limafuna three-phase, magetsi a mawaya atatu amoto otha kunyamula katundu wamkulu. Tingoyerekeza, mapolo 4, lililonse nyale 8 za mawati 1,000, amenewo ndi makilowati 32 a nyale zokha, kenako magiza a mashawa, pampu yothirira, mafiriji a ogulitsa zakumwa, zokuzira mawu. Wamagetsi wolembetsedwa aphatikize zonsezi akupatseni nambala ya kVA, muyezo wa mphamvu ya magetsi yomwe bwalo lidzafune, nambala imeneyo ndi yomwe mupite nayo kukafunsa ngati thiransifoma ya mderalo ili ndi malo otsala. Akati yadzaza, kukulitsa kwake mulipira ndinu, pamodzi ndi ndalama ina yomwe khansolo imatenga kwa omanga zinthu zazikulu yothandizira mapaipi ndi misewu ya onse, imeneyi ifunseni msanga ilowe mu bajeti. Tonse tinadutsa mu load shedding ya stage 6 mu 2022 ndi 2023, nde siyani malo a jenereta, ndipo nyale za mmakomo otulukira ndi zokuzira mawu zikhale ndi mabatire akeake, mdima ukagwa mwadzidzidzi pa anthu 3,000 chomwe chimawakhazika mtima pansi ndi kuwala kwa pa geti ndi mawu a munthu wowauza kolowera. Akuba makebulo nawo alipo, kebulo ikwiriridwe mozama ndi konkire pamwamba. Komanso mphenzi za kuno si zamasewera, mapolo ataliatali achitsulo pa malo a poyera ayenera kukhala ndi zotetezera mphenzi, ndipo pakhale nyumba yoti osewera athawiremo.

Musakumbe ngakhale dzenje la polo limodzi mmbali mwa msewu popanda chilolezo chomwe amati wayleave, chimadutsa ku Johannesburg Roads Agency ndipo eni mapaipi ndi makebulo onse, a madzi, a magetsi, a Egoli Gas, a fibre, amasonyeza pomwe zinthu zawo zadutsa. Amene munali kuno mu Julaye 2023 munaona mmene gasi wa pansi anang'ambira Bree Street, yomwe pano ndi Lilian Ngoyi, matakisi kugudubuzika ngati zidole. Pansi pa tauni ino pali zambiri.

Ndafika pa nkhani yomwe imandigwira mtima kuposa zonse, njira yolowera ndi yotulukira. Pa 11 Epulo 2001 anthu 43 anafa pa Ellis Park pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, anapanikizana chifukwa anthu anachuluka kuposa malo. Kwathu pa 6 Julaye 2017, tsiku la ufulu, anthu 8 anafera pa geti la Bingu National Stadium ku Lilongwe, ambiri mwa iwo ana, akukankhana kuti alowe. Amenewa sanali mabwalo osauka ayi, anali a konkire yolimba ndi magetsi owala. Dziko lino linakhazikitsa lamulo la chitetezo pa masewero ndi misonkhano mu 2010, lotchedwa Safety at Sports and Recreational Events Act, limafuna kuti bwalo likhale ndi satifiketi ya chitetezo ndipo apolisi amaika chochitika chilichonse mu gulu malinga ndi kuopsa kwake. Koma musanafike ndi pa lamulo pomwe, malo enieniwo ndi amene amanena ngati anthu angatuluke amoyo.

Nde Loweruka lija imani pa msewu ndi kope. Malowo akhudza misewu ingati? Ngati ndi umodzi wokha, wopanikizika pakati pa mipanda ya anthu, kapena mbali zina zatsekedwa ndi njanji, mtsinje kapena msewu waukulu ngati N12, ine ndinganene kuti asiyeni ngakhale atakhala aulere. Pamafunika mbali ziwiri kapena kuposa, ndipo oyenda pansi asamakumane ndi magalimoto pa geti limodzi. Mainjiniya ambiri amatsata kawerengedwe ka ku UK koti pa malo osalala anthu 82 amadutsa pa mita imodzi ya khomo pa mphindi, pa masitepe 66, ndipo bwalo lizitha kukhuthuka mu mphindi 8. Tengani anthu 3,000 mugawe ndi 8, mupeza 375 pa mphindi, mugawenso ndi 82, mupeza kuti makomo onse pamodzi apitirire mamita anayi ndi theka, ndipo ine ndimati onjezani kwambiri chifukwa tsiku la ngozi khomo limodzi limatha kukhala lomwe kuli motowo. Kunja kwa geti kukhalenso bwalo loti anthu amwazikirepo, geti lotsegukira mu msewu wa matakisi ndi msampha.

Kenako dzifunseni kuti anthu athu adzafika bwanji. Ambiri a ife tilibe magalimoto, timadalira matakisi, nde fufuzani kuti ochokera ku renki ya Bree kapena ya Noord amadutsa pafupi bwanji, Lamulungu madzulo amasiya nthawi yanji, ndipo adzaima pati potsitsa anthu osatseka msewu. Kambiranani ndi asosiyeshoni ya matakisi a njira imeneyo msanga, mwaulemu. Onani siteshoni ya mabasi a Rea Vaya kapena ya sitima ili mtunda wanji, FNB Stadium imalandira anthu oposa 90,000 chifukwa pali siteshoni ya sitima ya Nasrec, mabasi ndi misewu ikuluikulu mozungulira, ife sitikufuna zazikulu choncho koma nzeru yake ndi yomweyo. Yendani wapansi kuchokera pa siteji mpaka pamalopo nthawi ya mdima, muli ndi mayi wobereka mwana mmaganizo, muli ndi munthu wa pa njinga ya olumala, muone ngati pali nyale za mumsewu, powolokera, ndi tchire lomwe achifwamba angabisalemo. Werengani magalimoto odutsa pa mphambano yapafupi kwa ola limodzi. Kope lanulo silidzalowa mmalo mwa lipoti la injiniya wa zamisewu lomwe khansolo idzafune, koma likuuzani msanga ngati ndi bwino kumulipira injiniyayo kapena kufuna malo ena. Dziwaninso mwini msewu, wa mu tauni ndi wa Johannesburg Roads Agency, wa chigawo ndi wa boma la Gauteng, wa N ndi wa SANRAL, ndipo geti latsopano pa msewu wa chigawo kapena wa N sapereka wamba. Injiniya aliyense amene mumulembe mufunseni nambala yake ya ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya kuno, muitsimikize, safunsa anadya phula.

Ambulansi ndi galimoto ya ozimitsa moto zikhale ndi geti lawolawo lomwe wina aliyense saimikapo galimoto, lotakata, pansi pake polimba poti chigalimoto chodzaza madzi sichingatitimire mvula ikagwa, ndipo njira yake ifike mpaka pa kapinga penipeni. Mukatsimikiza pomwe geti limeneli lidzakhale, pemphani mbale amene ali ndi galimoto, Loweruka 3 koloko masana, nyamukani pa malo a getiwo mupite ku chipatala chachikulu chapafupi, kaya ndi Bara, kaya Helen Joseph, kaya Charlotte Maxeke, wina agwire wotchi. Bwererani mudzere njira ina muyesenso, mulembe mphindi zonse ziwiri mu kope muja, tsamba limenelo mukaliwerenge mokweza pa msonkhano wa komiti musanatsegule nkhani ya masitandi.